Fodya wa Amalume Ako

Paskali mwana wanga,

Ndakhala pansi pa mango kuseri kwa nkhokwe, ndi pensulo yomwe ndasolola m'chikwama chako osapempha. Ukaisowa usavutitse alongo ako, wakuba ndine. Dzuwa likali pamutu, amayi ako akukazinga mtedza wa kamba wako, iwe uli kutsidya kwa dambo kukatsazika abale. Ine miyendo ikukana kukhala pansi. Ndangokhalira kudzuka kukaimitsa anthu odutsa m'njira ya ku Nsanama kuti ndiwauze zoti mwana wanga mawa akukwera sitima pa Balaka, akupita ku Limbe kukayamba ukalaliki wa njanji. Ena ndinawauza dzulo, lero ndawauzanso, ndipo angondiyankha kuti, "Tinamva, a Anderea, tinamva." Amve ndithu! Mwana wa mlimi wa thonje, wobadwira m'nyumba yaudzu, azikalemba matikiti atavala malaya a kolala. Ndikanakhala ndi lipenga bwenzi a ku Chikweo atatseka makutu.

Udabwa kuti ndikukulemberanji kalata pamene tikugona mudzi umodzi. Paja ine pano ndine mkamwini. Mawa m'mawa anthu akasonkhana pakhomo kudzakutsazika, woyankhula ndi amalume ako Che Duwa, eni mbumba. Ine ndidzakhala cha kumbali, n'kumaomba m'manja pamene ena akuomba. Sindidandaula, ndiwo mwambo wake, ndipo pamudzi pano anandisunga bwino. Koma nkhani yomwe ndili nayo ikukhudza amalume akowo, sindingainene pagulu. Ndikati ndikuitanire kuseri, ukundidziwa, ndiyamba kuseka, ndiyamba kusimba za sitima, dzuwa lilowa ndisananene kanthu. Ndiye ndikupatsa pepalali ukabwera. Uliwerenge lero lomwe, usadikire mawa.

Dzulo ndinawapeza Che Duwa pakhonde pawo akumanga mphatso yako. Paskali, ndi mpukutu wa fodya wa labu, wolukidwa ngati chingwe chomangira ng'ombe, wakuda bii, wonyezimira mafuta. Ndisanakhale n'komwe pansi anandisendezera kumphuno.

"Alamu, tanunkhizani," anatero. "Ameneyu ndasankha tsamba ndi tsamba. Mphwanga sangapite kuchilendo chimanjamanja."

"Koma alamu," ndinatero motsitsa mawu, "paja mnyamatayo anasiya kusuta."

"Iyayi, iyayi! Mwamuna wapaulendo wopanda sona, fodya wa m'thumba, ndi mwamuna wanji? Chifuwa chija chinatha kalekale. Kodi dokotala wa njanji sanamugogode pamtima n'kunena kuti ali bwino?"

Ndinangoti, "Zoona alamu," n'kusisita bondo. Ndikanati chiyani?

Usawaone ngati oipa amalume ako. Pamudzi pano aliyense amene anapita ku Halale kapena ku Joni anapita ndi mpukutu wochokera m'manja mwa amalume ake. Ndi m'mene amadalitsira ulendo. Che Duwa asunga masamba amenewa chikololere, osagulitsa, osasuta, akudikira tsiku lako. Ukakana pamaso pa anthu, watukwana mbumba yonse, ndipo amene adzameze mawu kumtondo ndi kuchitsime ndi amayi ako. Choncho udzagwade, ulandire ndi manja awiri, uthokoze mokweza kuti ndi agogo osamva aja amve. Pamenepo palibe kukambirana. Nkhani yanga ndi ya zimene zidzachitike mpukutuwo ukalowa m'bokosi lako.

Iwe mwina waiwala dzinja lija, poti unali kudwala, koma ine sindinaiwale. Unagona kuchipatala cha mishoni kuyambira mvula yoyamba mpaka chimanga kuchita ngaiyaye. Ndinkaona nthiti zako ndili pakhomo. Amayi ako ankabisa kansalu kamene unkatsokomolera kuti ine ndisaone magazi, ine n'kumanamizira kuti sindikuona. Tsiku lotuluka, asisitere aja anandiitana n'kundiuza kuti chifuwa chako chapola, koma chili ngati mphika womata: madzi chisunga, moto waukulu ayi. Anati utsi wa fodya ukalowanso, tisadzavutike kukubweretsa. Iwe unasiya pomwepo, ndipo chisiyire takolola kawiri. Wanenepa, masaya abwerera, wakhoza mayeso, a njanji akutenga. Tsono mumtima mwako ukuti nkhondo inatha. Ndi chifukwa chake ndabera pensulo.

Ine ndinasiya fodya iwe ukukwawa. Nkhaniyi umaidziwa, poti amayi ako satopa nayo. Tinali kugalauza m'munda wa kudambo, iwo atakubereka kumbuyo, ine wopanda katundu. Iwo anamaliza mzere n'kuyamba wina, ine ndikali pakati, ndatsamira khasu, wefuwefu, chifuwa chikulira. Anatembenuka nati, "Bambo a Paskali, kapena ndikuberekeninso inu?" Akazi a m'munda woyandikana anaseka mpaka kukhala pansi. Madzulo ake ndinagawa fodya wanga yense, ndi makoko a chimanga opichirira omwe. Taona kutalika kwako lero, uone kutalika kwa nthawi imene yapita. Komabe dzulo, Che Duwa atandisendezera mpukutu uja, m'kamwa mwanga munadzaza malovu, zala zinayamba kupichira zokha pabondo. Chibaba sichifa, mwana wanga. Chimangogona, ndipo tulo take n'topepuka.

Nthawi yoyamba chinandigwetsa iwe utayamba kale sukulu. Ndinali nditadziona ngati ndapola, kuiwala kuti linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Munthu wina wa ku Chikweo anandisiyira kachidutswa ka labu pothokoza kuti ndamukonzera tcheni cha njinga. Ndinati, ine sindisuta, koma pakhomo pamabwera alendo, ndiwasungire. Ndinakasomeka kudenga, pamwamba pa chitseko. Paskali, fodya ali ndi pakamwa. Ndikamalowa ankandipatsa moni, ndikamatuluka ankandifunsa kuti mubwera liti. Ndili kumunda ndinkadziwa pamene ali kuposa pamene pali ana anga. Tsiku lina kunachita chiperoni, kuzizira kolowa m'mafupa, mlendo osabwera, ndipo mlendo woyamba kusuta fodya uja ndinali ine mwini nyumba, nditanjuta kuseri kwa nkhokwe yomweyi. Ndiye usadzanamizidwe ndi mawu oti ndikusungira anzanga. Fodya amene ali m'bokosi lako ndi wako, ngakhale umulembe dzina la munthu wina.

Choipa kwambiri sichinali ndudu yoyambayo, koma zimene ndinadziuza nditaimaliza. Ndinati poti ndagwa kale, bola ndingomaliza kachidutswa konse, ndidzasiyenso bwinobwino mwezi ukaoneka. Ndinasuta sabata yathunthu mobisala, n'kumatafuna masamba a gwafa pobwerera kunyumba, kuganiza kuti ndachenjera. Amayi ako sananene kanthu mpaka Lamulungu, tikuchokera kutchalitchi. Anangondifunsa, maso ali kutsogolo, "Kodi mlendo wanu wa kuseri kwa nkhokwe uja achoka liti? Ufa ukutha." Manyazi amene ndinamva sindingawalembe. Kusiya kwachiwiriko kunandipweteka kuposa koyamba, chifukwa cha sabata imene ndinaionjezera ndekha. Ngati tsiku lina udzaterereka, Mulungu aletse, udzadzuke tsiku lomwelo, ola lomwelo. Munthu akagwa m'matope sanena kuti poti ndada kale ndigone momwemo.

Tsopano tchera khutu, chifukwa ichi chidzakupeza sabata yoyamba. Chaka china thonje litakana ndinakagwira ganyu yonyamula mabelo kumakina a thonje ku Balaka. M'kati salola moto, ndiye nthawi yopuma onse ankathamangira panja pa mpanda, pamene amayi ena ankaotcha chinangwa. Kapitawo wathu anatulutsa ndudu yoyera ya m'sitolo, nandikodola. "Iwe watsopano, tenga iyi ukandiyatsire." Ukudziwa mwambo wake, wamng'ono ndiye amayatsira wamkulu, ndipo ndi ulemu kutumidwa. Ukudziwanso kuti ndudu siyaka pongoikhudzika pa khala, imafuna kukoka. Ndinati ndikoka kamodzi, utsi ndilavula, kumeneko si kusuta koma kutumikira. Ndinakoka kamodzi. Ndinakokanso kuti nditsimikize kuti yayaka. Pobwerera ndinaona ngati ikuzima, ndinaithandiza. Pofika kwa mwini wake, anaiyang'ana, nandiyang'ana, nati, "Kodi ndakutuma kuyatsa kapena kundithandiza?" Anthu anafa nako kuseka, inenso ndinaseka, koma masiku otsatira sanali oseketsa. Kukhosi kunauma gwa, tulo kusowa, ukali wosadziwika kochokera.

Ku Limbe wamng'ono ndiwe. Akalaliki akuluakulu, oyendetsa sitima, akapitawo, onse adzakutuma. Usakane kutumidwa, ungadzatchuke ndi mwano. Koma usatengere ndudu kumoto, tengera moto kwa mwini ndudu. Khala likhale paphale, kapena machesi, upereke ndi manja awiri, akoke okha. Unene momveka kuti, "Pepani akuluakulu, chifuwa changa anachiletsa utsi kuchipatala. Moto nawu." Unene tsiku loyamba lomwelo, onse ali pomwepo, usadikire kuti akuzolowere. Adzakuseka, adzakutcha abusa, mwina dzinalo lidzakumatirira mpaka ukalamba. Lisiye limatirire. Munthu amene wanena poyera ali ndi alonda ambiri, chifukwa tsiku limene adzatambasule dzanja, omwe ankamuseka aja ndi amene adzati, "Aa, abusa, mwatani?" Usayatsire munthu, Paskali. Ngakhale atakhala bwana wa sitesheni, usayatsire munthu.

Zitachitika za ku Balakazo ndinalakwitsanso mwa njira ina: ndinayamba kuthawa anthu. Pabawo ndinasiya kupitapo, pamaliro ndinkakhala kutali ndi amuna anzanga, ndipo aliyense woyatsa pafupi nane ndinkamulalikira mpaka asamuke. Ndinasanduka munthu wowawa. Anzanga anayamba kundilambalala, ine n'kumakhala ndekha pakhonde, ndipo ukakhala wekha chibaba chimapeza mpando. Anandiwombola ndi Che Saidi, aja amakoka pantoni yoolotsa anthu pa Shire, pa Liwonde. Tsiku lina ndikuoloka, munthu amene anaima pafupi nane anayamba kupichira chingambwe, mphepo ikubweretsa fungo lonse kwa ine. Kothawira kunalibe, uku madzi, uku madzi, m'madzimo ng'ona. Thukuta linayamba kutsika.

"Che Anderea, mwatani? Mwaona mvuu?" anafunsa Che Saidi.

"Chibaba, achimwene. Chandigwira pakhosi."

Anaseka, nasendera. "Bwerani mugwire chingwe apa, tikoke tonse. Ife mwezi wa Ramadani dzuwa likatuluka utsi sitilawa, pamene okwera akusuta tsiku lonse pamphuno panga. Chikandifika ndimachiuza kuti dikira tioloke. Sindikangana nacho, iyayi, ndimangoti dikira tioloke. Tikagunda tsidya chimakhala chatsika kale, sichilipira n'komwe."

Ndinagwira chingwe chija, ndinakoka mpaka manja kutentha, Che Saidi akutsogolera nyimbo ya Chiyao, ine ndikuvomera molakwitsa. Pantoni itagunda doko ndinadzifufuza, ndipo chinali chitapitadi. Ndinadabwa ngati mwana. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti chibaba chikabwera chimakhala mpaka uchipatse chimene chikufuna, osadziwa kuti moyo wake ndi waufupi ngati kuoloka Shire. Chimabwera mwaukali kuti uchite mantha, koma mpweya chilibe. Ndiye chikakugwira, usakhale phee n'kumachimvetsera. Dzuka, manja ako apeze ntchito. Sesa ofesi, pukuta nyali, thandiza amtengatenga kukweza matumba ngakhale uli kalaliki wa kolala. Ndipo usathawe anthu monga ndinachitira ine. Khala nawo, seka nawo, ungosankha mbali imene mphepo ikuchokera.

Koma mdani wamkulu ndakusungira pano, ndipo sungamuganizire: ndi chimwemwe. Pa chisoni munthu amakhala tcheru. Nthawi yonse imene unali m'chipatala sindinakhudze fodya, ngakhale mtima unali dyokodyoko, chifukwa ndinkadziwa kuti chibaba chikundidikira. Chinandipeza m'chaka chotsatira njala ija. Ukukumbuka m'mene tinavutikira, mpaka kukumba mizu kutchire. Chimanga chatsopano chitalowa m'nkhokwe, mudzi wonse unasonkhana, thobwa m'mitsuko, ng'oma, akazi nthungululu. Amuna tinakhala bwalo pansi pa mkuyu, wina anayatsa chingambwe, chikuyenda dzanja ndi dzanja monga mwa masiku onse. Ine ndinali pakati pa kuseka nkhani ina ya Che Duwa. Sindinaganize, sindinasankhe. Chinafika m'dzanja langa, dzanja linapita kukamwa lokha, ndipo ndinazindikira utsi uli kale m'chifuwa. Kukoka kumodzi kokhako kunandilipitsa masabata a nkhondo.

Ndiye taganiza masiku okoma amene akukudikira! Tsiku lovala yunifomu, tsiku la malipiro oyamba, tsiku limene bwana adzakutchule dzina osalakwitsa, tsiku limene mtsikana wina wa ku Limbe adzakuyankhe kuti "ndamva" akuyang'ana pansi. Usanditsutse, adzapezeka, mphuno imeneyo unatengera ine. Masiku amenewo anzako adzakuzungulira, paketi idzatseguka, wina adzati, "Lero lokha, achimwene, tisangalale." Sangalala ndithu, vina mpaka nsapato zitheke, gulira anzako tiyi ndi mabanzi. Koma dzanja lako lamanja likhale ndi kanthu, kapu kaya nzimbe, kuti ndudu ikamayenda ipeze malo odzaza. Ukamaseka kwambiri, dziwa pamene dzanja lako lili. Ndikulemba izi ine mwini ndili ndi mswachi kukamwa, ndautafuna mpaka wasanduka tsache, chifukwa chimwemwe cha lero chadzutsa chibaba chimene ndinali nditachiiwala.

Za ku Limbe ndinamva kwa amene anakhalako. Akuti nyengo yogulitsa fodya tauni yonse imanunkhira, malole odzaza mabelo usana wonse, ngolo za sitima zomwe uzidzalembazo zodzaza fodya yemweyo. Akutinso kumazizira kuposa kuno, ndipo m'mawa wozizira ndi bwenzi la chibaba. Sindikukuopseza, ndikungofuna kuti chisakudzidzimutse. Amayi ako akuikira malambe m'kathumba, uzimumunya kamodzikamodzi, kuwawasa kwake kumasokoneza kukhosi. Mtedza usamalize pa sitima. Mswachi ndakudulira wambiri, ukatha ufunse Asilamu a kumeneko akuonetsa mtengo wake. Ukamaliza kudya usakhale pamphasa kudikira kuti chakudya chitsike, pamenepo ndiye pamsampha. Samba m'manja, tsuka m'kamwa, tuluka uyende. Imwa madzi ngakhale ulibe ludzu. Ukanenepa nazo usadandaule, kalaliki woonda anthu samukhulupirira.

Udzalotanso. Ine mpaka lero ndimalota ndikusuta, utsi tolotolo, n'kudzuka ndikudziimba mlandu. Nthawi ina ndinafika podzutsa amayi ako kuwapepesa, iwo nati, "Fodya wa kutulo sanunkha, gonani." Ukalota usati ndiye kuti thupi likufuna, kapena kuti mizimu ikukulamula. Ndi chibaba chabe chikuyendera nyumba yake yakale. Udzuke, useke, upite kuntchito.

Tibwerere tsono ku mpukutu wa amalume ako. Ndaganiza njira zonse kuyambira dzulo. Ndinati mwina ukagawire akuluakulu a ku Limbe monga akunenera Che Duwa. Koma ndiye kuti ukwera nawo sitima tsiku lathunthu, uli wekha, mtima uli m'mwamba, fungo likutuluka m'bokosi kulowa m'malaya ako onse. Ukafika ugona nawo m'chipinda chachilendo, wopanda womudziwa, ukulakalaka kwanu. Ukaugawa, adzausutira pamaso pako, adzakuuza kuti uwadulire, uwapichirire, ndipo udzatchuka kuti ndiwe mnyamata wa labu wabwino wa kwa Liwonde, azidzakutuma wina ukabwera kutchuthi. Ndinati mwina tiuponye mu Shire. Amayi ako atamva anagwira pakamwa. Mphatso ya paulendo sataya, ukataya wataya ndi dalitso lomwe, ndipo ngakhale ndine Mkhristu sindifuna kuyesa zimenezo pa ulendo wa mwana wanga. Kupatsa anthu a padoko sikungathekenso. Kalukidwe ka Che Duwa akukadziwa aliyense kuyambira kuno mpaka ku Nsanama, mbiri ingafike kwawo ife tisanafike ku Balaka.

Ndiye tichita chonchi. Amalume ako atiperekeza mpaka pa Liwonde, akabwerera padoko chifukwa cha mwendo wawo uja. Ine ndioloka nawe, bokosi lako lili panjinga, mpaka pa sitesheni. Ndikufuna ndiione ndi maso anga sitimayo ikukutenga, ndiimve kulira kwake, ndidzasimbe mpaka anthu andithawe. Tikafika, usanakwere, utsegule bokosi ngati kuti ukufuna chipewa, utulutse mpukutuwo undipatse. Usaudule, usasiyeko kachidutswa koti uzikumbukira amalume. Wonse. Sitima ikanyamuka ine sindibwerera kuno tsiku lomwelo. Ndipitirira kwathu kumene ndinabadwira, kuseri kwa Balaka, kwa amalume anga a Sitolo, okalamba aja amene maso anafa. Iwo fodya ndiye chakudya chawo chotsala, ndipo labu wotere sanamugwire zaka zambiri. Ndikawauza kuti wachokera kwa mdzukulu wawo amene walowa ntchito ya njanji. Akadalitsa dzina lako mpaka mawu atha. Mphatso yochokera kwa amalume ikathera kwa amalume, palibe chotayika, ndipo Che Duwa akadzafunsa udzanena zoona kuti fodya wawo anakondweretsa akuluakulu.

Ndikudziwa chimene unene, poti ndiwe mwana wa amayi ako. Uti, "Abambo, nanga inu?" Eya, nanga ine. Kuchoka pa sitesheni kukafika kwa a Sitolo ndi ulendo wa theka la tsiku, njira ya m'tchire, yopanda Che Saidi, yopanda amayi ako, yopanda wondiona. Ndidzakhala ndi chimwemwe chimene sindinakhale nacho chibadwire, ndi chisoni chakuti mwana wanga wachisamba wapita, zonse ziwiri m'chifuwa chimodzi, ndi labu wabwino koposa m'dziko lino ali m'malaya mwanga. Midzi ya m'njira ili ndi moto, ndipo palibe amene amamana mlendo khala. Ndikuopa, Paskali, sindikubisira. Malangizo onse ndakulemberawa ndidzayamba kuwayesa ndine, mawa lomwe.

Koma usandimvere chisoni n'kuubisa mpukutuwo pansi pa malaya, ukatero tidana. Ine chifuwa changa chagwira kale ntchito yake, chalima minda, chalera ana, chafuula dzina lako m'njira ya ku Nsanama mpaka anthu kutopa. Ndikagwa, ndidzatsokomola, amayi ako adzandinyoza, ndidzadzukanso monga kale. Iwe ukagwa, asisitere ananena kale. Sindikulonjeza kuti mpukutuwo ukafika kwa a Sitolo wathunthu. Chimene ndikulonjeza n'chakuti sukwera nawo sitima.

Ndikumva mawu ako kudambo, ukubwera ukuimba, ndipo pensulo yatha msonga. Pita bwino mwana wanga, ukagwire ntchito, ukapume mpweya wonse wa ku Limbe ndi chifuwa chako chomatacho.

Ndine bambo ako wonyada mopanda manyazi,
Anderea